Zokongoletsa pikapu sizibweza ndalama

Anzanga aphunzitsi, ndi inu ana anga amene munadutsa m'kalasi mwanga, lero tikambirane za pikapu. Ambiri a ife tikamaganiza zodzapuma pantchito tikakwanitsa zaka 60, mtima umathamangira ku galimoto yonyamula katundu kuti izidzatidyetsa. Ena a inu muli ku Joni, mukusonkhanitsa marandi kuti tsiku lina mudzalowe pa chipata cha Mwanza ndi galimoto yanuyanu. Zonsezi n'zabwino. Koma galimoto ili ndi masiku awiri akuluakulu, tsiku loigula ndi tsiku loigulitsa. Tonse timakonzekera loyambalo. Lachiwirilo limabwera losaitanidwa, nthawi zambiri pamene fizi yavuta kapena matenda alowa m'nyumba.

Maganizo anga ndi awa: pa zinthu zoonjezera zimene timalipirira pogula pikapu, zimene zimadzabweza ndalama kuno ndi zokhazo zothandiza galimoto kugwira ntchito. Zongosangalatsa maso zimathera kwa mwini woyamba.

Tiyambe ndi funso loti adzagule ndani. Pano pa Chifunga tili pa tala, msewu wa M6 wochoka pa Zalewa kupita ku Mwanza. Koma wogula pikapu yakale m'boma lino sayenda pa tala pokha. Ndi mlimi kapena wamalonda wofuna kutsitsa mbatata ya kachewere kuchokera kwa Dambe, kutenga manachesi kupita nawo ku Blantyre, kukweza matumba a feteleza ndi simenti kumapiri. Nthawi ya dzinja misewu yafumbi ya kumeneko imasanduka phala, ndipo tonse tikukumbukira mmene namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 anaonongera misewu ndi milatho kuno kummwera. Munthu wotereyu akafika pa galimoto amafunsa mafunso atatu. Imanyamula zingati? Ikaonongeka akonza ndani? Masipeyala ake ndiwapeza kuti? Za mpando wachikopa amafunsa pomalizira, ngati wakumbukira n'komwe.

Taonani chitsanzo cha Ford Ranger Raptor, imene achinyamata ambiri amaisirira pa Facebook. Inatuluka mu 2018, ndipo yoyambayo inali ndi injini ya dizilo ya malita 2.0 ya matebo awiri, magiya 10 osintha okha, ndi mashokabu apadera a kampani ya Fox. Ya m'badwo wachiwiri, ya mu 2022, inabwera ndi injini ya petulo ya V6 ya malita 3.0. Ndi galimoto yabwino zedi pa ntchito imene anaipangira, yothamanga m'misewu yokumbika. Koma kuti ithe kudumpha mabampu mofewa chonchija, anachotsa masipuling'i amapale akumbuyo aja amene pikapu wamba imasenzera katundu. Zotsatira zake, Raptor imaloledwa kunyamula makilogalamu osafika 800, pamene Ranger kapena Hilux wamba imafika pafupifupi tani imodzi. Pokoka ngolo, Raptor imalekera pa makilogalamu 2,500 pamene Ranger wamba yamphamvu imafika 3,500. Inu a masamu werengerani nokha: thumba la chimanga ndi makilogalamu 50, ndiye pa ulendo uliwonse matumba anayi kapena asanu akutsala pansi. Mwalipira ndalama zambiri kuti mugule galimoto yonyamula zochepa.

Tsono mashokabu a Fox aja akatha, mukawapeza kuti? Makaniko wa pa Zalewa kapena ku Mwanza amatha kumasula injini ya 3L, 5L kapena 2KD ya Hilux m'mawa n'kuimanga madzulo, ndipo masipeyala ake ali mbwee ku Limbe ndi ku Ndirande. Hilux imapangidwa ku Durban, Isuzu D-Max ku Gqeberha komwe kale tinkati Port Elizabeth, ndipo zipangizo zake zimadutsa pakhomo pathu pompano tsiku ndi tsiku. Chipangizo chapadera chija muchite kuitanitsa, mudikire masabata, mulipire ndi ndalama yakunja imene ikusowa m'mabanki. Wogula wanzeru amadziwa zimenezi ndipo amazichotseratu pa mtengo.

Ndiye zoonjezera zimene zimasunga mtengo ndi ziti? Choyamba ndi four wheel, kuti mawilo onse anayi azikoka. Kwa munthu wopita kwa Dambe mu Januwale, chimenechi chimasiyanitsa kufika ndi kugona m'njira, ndipo adzachilipirira ngakhale galimoto itakalamba. Chachiwiri ndi diff lock, imene imamanga mawilo akumbuyo kuti azizungulira limodzi pamene wilo limodzi likuterera m'matope. Chachitatu ndi injini ya dizilo, yokoka katundu pamtunda popanda kumwa mafuta ngati chidakwa. Kenako pali zazing'ono zooneka zonyozeka: labala wothira mu bodi kuti isachite dzimbiri, zitsulo zam'mbali zomangirira katundu, chokokera ngolo cholimba, ndi tayala lapadera lamoyo pamodzi ndi jeke yake. Zimenezi wogula amazigwira ndi dzanja n'kuona ndalama imene zidzamupangire.

Kumbali inayo kuli marimu a mainchesi 20 okhala ndi matayala opyapyala, magetsi amitundumitundu, sikirini yaikulu pa dashibodi, masipika odzaza kumpando wakumbuyo, ndi ekizozi yolira ngati bingu. Tayala lopyapyala likagunda mwala limang'ambika m'mbali, rimu n'kupindika. Wogula akaona marimu amenewa amayamba kuwerengera zogula ena a mainchesi 16 amene matayala ake amapezeka paliponse. Ndiye kuti chokongoletsa chanu chija kwa iyeyo ndi ngongole. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Choopsa kwambiri ndi chimene chimatchuka ku Joni, chosintha kompyuta ya injini kuti galimoto izithamanga kuposa mmene anaipangira. Mphamvu imakweradi, koma tebo, kilachi ndi giyabokosi zimasenza mtolo umene sizinapangidwire. Chimodzimodzi kuikweza galimoto m'mwamba ndi zitsulo zoikirira, kapena kudula mawaya kuti mulumikize magetsi ena. Choikidwa ku fakitale munthu amachikhulupirira. Choikidwa pa galaja yosadziwika chimamuuza kuti mwini wake ankakonda liwiro, ndipo munthu wokonda liwiro sasunga injini. Mtengo umatsika pomwepo.

Musaiwalenso za msonkho. Pamene a MRA awerengera msonkho potengera mtengo wa galimoto, galimoto yodzaza ndi zoonjezera imalipitsidwa zambiri pa chipata. Inshulansi yokwanira nayonso imatsata mtengo. Zokongoletsazo mumazilipira pogula, pa chipata, ndi chaka chilichonse, koma tsiku logulitsa palibe amene adzakubwezereni katatu.

Ndikudziwa ena anditsutsa. Anena kuti ku Lilongwe ndi ku Blantyre alipo anthu andalama amene amafuna twin cab yokhala ndi zonse, ndipo amalipira bwino. N'zoona, alipo, ndipo ngati mukugula galimoto kuti mukaigulitse m'tauni isanagwire fumbi, nkhani yanu ndi ina. Koma ogula oterowo ndi ochepa, ndipo amafuna yatsopano. Galimoto ikatha zaka zisanu ikukwera mapiri a Neno, mabwana aja saiyang'ananso. Otsala ndi alimi ndi amalonda aja a mafunso atatu. Galimoto ya ogula ambiri imagulitsika m'sabata imodzi, ya wogula mmodzi imakhala pabwalo miyezi mpaka mwini wake atatopa n'kutsitsa mtengo.

Ena anena kuti masiku ano galimoto siluza, munthu amagula lero n'kudzagulitsa pa mtengo wokwera. Apa tisamale. Mu Meyi 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Manambala a pa mtengo wa galimoto anakweradi, koma amene anasuntha ndi kwachayo. Mukafuna kudziwa ngati mwapindula, werengani matumba a feteleza amene ndalama yogulira inkakwanitsa nthawi imeneyo, muyerekeze ndi amene ndalama yogulitsira ikukwanitsa lero. Mukatero mudzaona kuti sikirini ndi masipika sizinabweze kanthu.

Sindikunena kuti munthu asasangalale ndi thukuta lake. Ngati mumakonda nyimbo, ikani wailesi yabwino, koma muiwerengere ngati ndalama yodyera, monga ya suti ya pa ukwati. Mukasintha marimu, sungani oyambirira aja m'nyumba, ndipo tsiku logulitsa muwabwezeretse, okongolawo mukagulitse padera kwa wowafuna. Sungani malisiti onse a sevisi m'fayilo imodzi monga timasungira ma scheme of work. Onetsetsani kuti nambala ya injini ndi ya chasisi zikugwirizana ndi mapepala a ku Road Traffic. Fayilo imeneyo idzakweza mtengo kuposa magetsi alionse.

Inu muli ku Joni, musanapereke marandi, imbirani foni makaniko wakumudzi mumuuze dzina la injiniyo. Akayankha mwachangu kuti amaidziwa, pitirizani. Akakhala chete kaye, ganizani kawiri, pajatu safunsa anadya phula. Ndipo inu anzanga amene mukudikira ndalama ya penshoni, kumbukirani kuti imabwera kamodzi kokha. Ngati yatsalako mutagula galimoto, gulani matayala anayi abwino ndipo yotsalayo muisunge kuti idzagwire ntchito ya sevisi yoyamba.