Muulutsi woimba sankadya pawiri

Mu 1953 Rufus Thomas, muulutsi wa wailesi ya WDIA ku Memphis m'dziko la America, adajambula nyimbo ya Bear Cat ku kampani ya Sun. Mu 1963 adatulutsa Walking the Dog ku kampani ya Stax, ndipo idalowa m'gulu la nyimbo 10 zotsogola m'dziko lonselo. Nthawi yonseyi ntchito ya pa wailesi sadaisiye. Ena amati uku n'kudya pawiri, poti wosankhira mzinda nyimbo sayenera kukhalanso mwini nyimbo. Ine ndikuti nyimbo za soul zikadasauka popanda anthu otere, chifukwa wailesi ndiyo idawaphunzitsa zomwe anthu akufuna.

Kuyambira mu 1949 mapulogalamu onse a WDIA adali olunjika kwa anthu akuda, pa nthawi ya tsankho loopsa. Muulutsi wa kumeneko sankangoika mbale. Ankawerenga makalata a omvera, kulengeza zochitika m'dera, ndipo usiku ankatsogolera zisangalalo. Thomas adayendetsa mipikisano ya oimba ongoyamba kumene ku holo ya Palace, pa msewu wa Beale, komwe ankaona ndi maso ng'oma yoimiritsa anthu ndi ina yowasiya pampando. N'chifukwa chake nyimbo zake zambiri ndi zophunzitsa gule watsopano. Woimba B.B. King naye adatchukira pa wailesi yomweyi. Ku San Francisco, Sly Stone ankasakaniza soul ndi nyimbo za Beatles pa wailesi ya KSOL, kusakaniza komwe kudadzamveka m'gulu lake la Family Stone.

Nkhawa ya katangale siyopeka. Mu 1959 ndi 1960 aphungu a ku America adafufuza aulutsi olandira ndalama mwamseri kuti aziseweretsa nyimbo zina, ndipo muulutsi Alan Freed ntchito idamuthera pomwepo. N'zoonanso kuti muulutsi woimba angathe kukondera zake n'kutsekera anzake. Koma chiphuphu chimayenda mobisa, pomwe dzina la Thomas lidalembedwa poyera pa mbale, womvera aliyense n'kudziweruzira yekha. Komanso wailesi imodzi ya ku Memphis sikadakakamiza anthu a ku Los Angeles kuvina. Mu 1972, pa chisangalalo cha Wattstax, khamu la kumeneko lidadumpha mipanda kukavina nyimbo ya Thomas ya Funky Chicken pakati pa bwalo, ndipo Thomas adalibweza m'mipando ndi pakamwa pokha, luso lomwe adalinola pa maikolofoni.