Kujambula filimu kwaphweka, chovuta n'kuifikitsa kwa anthu oonera

Masiku ano mnyamata wa ku Ulónguè, ku Furancungo kapena ku Lichinga amene ali ndi foni yabwino, anzake odziwa kuchita sewero komanso laputopu yobwereka, akhoza kujambula filimu ya ola lathunthu. Kale zimenezi zinkafuna thandizo la boma kapena la mabungwe akunja. Koma mafilimu ambiri otere amathera m'foni ya amene anawajambula. Ena amaikidwa pa YouTube, anthu ochepa n'kuonera, nkhani n'kuzilala. Ena amafala ndithu m'misika, koma ndalama zimalowa m'thumba la okopera, mwini wake osaona ngakhale metikali imodzi.

Apa ndi pamene pagona tsogolo la kanema wa m'zigawo za Tete ndi Niassa. Wopanga filimu amene sanabweze ndalama zomwe analowetsa pa filimu yoyamba sapanganso yachiwiri. Amagulitsa kamera, ochita sewero amabalalika, ndipo nkhani za kuno zimakhala zopanda wozifotokoza. Choncho kutsatsa filimu si ntchito yoganizira pomaliza. Ndi imene imagamula ngati luso lipitirire kapena lifere pomwepo.

Phunziro la Resgate

Chitsanzo chodziwika bwino m'dziko la Moçambique ndi filimu ya Resgate, yomwe inatuluka m'chaka cha 2019. Anailemba ndi kuitsogolera ndi Mickey Fonseca, mogwirizana ndi mnzake Pipas Forjaz, pansi pa kampani yawo ya Mahla Filmes. Awiriwa sanadikire thandizo lalikulu lochokera ku Ulaya. Kwa zaka zingapo ankajambula zotsatsa malonda za makampani, n'kumasunga phindu ndi kugula zipangizo pang'onopang'ono. Mbali ina ya ndalama anaipeza popempha anthu wamba pa intaneti kuti asonkhe aliyense mmene angathere.

Kusonkhetsa kotereku kuli ndi phindu lina loposa ndalama. Munthu amene waponyapo kangachepe amaiona filimuyo ngati yake. Amafunsa kuti ituluka liti, amauza abale ake, ndipo tsiku loionetsa safika yekha. Filimu isanathe n'komwe imakhala ili kale ndi anthu oidikira.

Nkhani yakenso inadzigulitsa yokha. Resgate imakamba za Bruno, mnyamata amene watuluka m'ndende ndipo akufuna kuyamba moyo watsopano ndi mkazi wake ndi mwana wawo, koma akupeza kuti nyumba yomwe mayi ake anasiya ili pa ngongole ya kubanki. Kusowa pogwira kumamubwezera ku gulu la zigawenga. Ngongole, ulova ndi kuba anthu pofuna dipo zinali nkhani zomwe anthu a ku Maputo ndi Matola ankazikamba kale m'mashapa ndi m'misika. Anamva Chipwitikizi cha m'misewu yawo, anaona malo omwe amadutsa tsiku ndi tsiku. Filimuyi inapata mphoto ku Africa Movie Academy Awards m'chaka chomwecho, ndipo mu 2020 inakhala filimu yoyamba ya ku Moçambique kuonetsedwa pa Netflix.

Komabe njira ya Resgate singatsanziridwe yonse kuno kumpoto. Nyumba zoonetsera mafilimu zomwe zimatsegula tsiku lililonse n'zochepa m'dziko muno, ndipo zodalirika zili ku likulu, mtunda wa makilomita oposa 1,500 kuchokera mu mzinda wa Tete. Netflix imafuna intaneti yamphamvu ndi ndalama zolipira mwezi ndi mwezi. Mlimi wa mbatatesi wa ku Tsangano sali m'gulu la makasitomala amenewo. Chofunika kutolapo pa Resgate ndi nzeru yake: kudziwa anthu omwe filimu ikuwalankhula, ndi kuyamba kucheza nawo kamera isanayatsidwe.

Kale kanema ankapita kwa anthu

Dziko lino linayesapo kuthetsa vuto lomweli. Ufulu utangobwera mu 1975, boma la Samora Machel linakhazikitsa bungwe la Instituto Nacional de Cinema. Bungweli linkatulutsa Kuxa Kanema, kanema wa nkhani wa mphindi pafupifupi 10, yemwe ankaonetsedwa m'nyumba za mafilimu komanso kutengedwa pa galimoto kupita kumidzi. Galimoto inkafika ndi jenereta ndi chinsalu, anthu n'kusonkhana pabwalo dzuwa likalowa. Nkhondo ya zaka 16 inatseka misewu yambiri, ndipo mu 1991 moto unawononga nyumba ya bungweli ku Maputo. Dongosolo lija silinabwererenso mwakale.

Kuchokera nthawi imeneyo mafilimu akuluakulu a dziko lino akhala akudalira kwambiri ndalama zakunja, ndipo nthawi zambiri amayamba kuonekera kunja komweko. Comboio de Sal e Açúcar ya Licínio Azevedo ndi chitsanzo. Imafotokoza za anthu amene pa nthawi ya nkhondo ankakwera sitima kuchokera ku Nampula kulowera ku Cuamba ndi ku Malawi kukasinthanitsa mchere ndi shuga. Ndi nkhani ya makolo a anthu a ku Niassa, koma oyamba kuionera mu 2016 anali anthu a ku Locarno, m'dziko la Switzerland. Palibe wolakwa pamenepa, popeza amene wapereka ndalama amayang'ananso msika wake. Koma zikusonyeza kuti msewu wochokera kwa wopanga filimu kukafika kwa woonera wa kumudzi unaduka kalekale.

Msika ulipo, koma uli m'manja mwa ena

Kunena kuti anthu a kumudzi sakonda mafilimu n'kulakwitsa. M'misika ya ku Angónia, Macanga ndi Mandimba muli timanyumba ta kanema momwe ana ndi akulu amalipira kangachepe kuti aonere. Mulinso anyamata okhala ndi kompyuta amene amathira nyimbo ndi mafilimu m'memori kadi ndi m'fulashi. Zomwe zimayenda kwambiri ndi mafilimu a nkhondo ndi a karate ochokera ku Asia ndi ku America, omwe anyamata a ku Malawi amawamasulira m'Chichewa, akuthiramo nthabwala zawo. Anthu amawakonda chifukwa amamva chilichonse.

Izi zikuphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, chinenero ndi chida chachikulu chotsatsira. Filimu ya m'Chinyanja ili ndi oonera ku Tete, ku Niassa, m'Malawi yense ndi kum'mawa kwa Zambia mpaka ku Lusaka, osaiwala apaulendo omwe ali ku Joni ndi ku Zimbabwe. Malonda amadutsa kale pa Calómuè, pa Zóbuè, pa Cassacatiza ndi pa Mandimba tsiku lililonse, ndipo nyimbo zimadutsa nawo. Chachiwiri, njira yofalitsira ilipo kale ndipo imathamanga, kungoti salipira mwini filimu.

Ku Uganda, Isaac Nabwana wa gulu la Wakaliwood anakumana ndi vuto lomweli. Filimu yake ya Who Killed Captain Alex? ya mu 2010 inapangidwa ndi ndalama zosaposa madola 200 m'dera losauka la Wakaliga mu mzinda wa Kampala. Podziwa kuti okopera amafika pasanathe masiku ambiri, iye ankatumiza ochita sewero ake kukagulitsa ma DVD khomo ndi khomo atavala zovala za mu filimu, ndipo ankagawana nawo ndalamazo. Wogula ankakondwa kulandira chimbale kuchokera m'manja mwa munthu yemwe akamuone pa kanema. Kachidutswa kakafupi ka filimuyo komwe anaika pa YouTube ndi kamene kanamutchukitsa kunja. Ku Nigeria nako, Living in Bondage ya mu 1992, yomwe ambiri amati ndiyo inatsegula msika wa Nollywood, inali m'Chiigbo ndipo inagulitsidwa pa matepi a vidiyo kudzera mwa amalonda a m'misika.

Mfundo yake ndi yakuti ndalama za filimu yaing'ono zimapezeka m'masiku oyambirira. Filimu ikangolowa m'memori kadi imodzi, yapita. Wanzeru amayamba ndi kuionetsa pamalo olipira, iye mwini ali pakhomo, ndipo amaitulutsa pa intaneti kapena m'fulashi pambuyo pake. Ena amasankha kukambirana ndi eni timanyumba ta kanema ndi okopera aja kuti akhale ogulitsa ovomerezeka, m'malo molimbana nawo pa nkhondo yomwe sangaipambane.

Zida zomwe sizifuna chuma chambiri

Wailesi ndiyo ikadali patsogolo. M'madera momwe magetsi ndi intaneti n'zosadalirika, wailesi za m'zigawo ndi wailesi za m'madera zimalankhula ndi anthu m'chinenero chawo m'mawa ndi madzulo. Kulipira chilengezo kumafuna ndalama, koma kucheza ndi mtolankhani pa pulogalamu ya chikhalidwe kapena ya achinyamata kumafuna nkhani yogwira mtima basi. Filimu yokamba za maukwati a ana, mikangano ya minda kapena ulendo wa ku Joni imapatsa wailesi mutu wokambirana, ndipo omvera oimba foni amakhala ayamba kale kuitsatsa. Nyimbo ya mu filimu, ikaimbidwa ndi woimba wodziwika m'deralo, imagwira ntchito yomweyo mlungu ndi mlungu.

Chachiwiri ndi foni. Kachidutswa ka mphindi imodzi, kopepuka kuti kasadye mabandulo ambiri, kamayenda pa WhatsApp ndi pa Facebook kuposa chikwangwani chilichonse. Kayenera kumveka bwino, chifukwa oonera amakhululukira chithunzi chosawala koma sapirira mawu osamveka. Kayeneranso kutha ndi tsiku, malo ndi mtengo wolowera. Ambiri amaiwala zimenezi, anthu n'kuseka nthabwala koma osadziwa kokaonera. Matikiti akhoza kulipiridwa pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh, zomwe zimathandiza kudziwiratu chiwerengero cha obwera.

Chachitatu ndi nthawi. Kuonetsa filimu mu Januwale kapena Febuluwale, pamene nkhokwe zapepuka ndipo mvula ikugwa madzulo, n'kudzipweteka. Ndalama zimayenda m'midzi anthu akakolola ndi kugulitsa fodya, soya, chimanga ndi mbatatesi. Nyengo imeneyo ndi yopanda mvula, choncho bwalo la sukulu, holo ya mpingo kapena bwalo la mpira zimakwanira. Tsiku la msika limasonkhanitsa anthu popanda wowaitana.

Masamu ake ndi osavuta. Mwachitsanzo, anthu 200 atalipira mametikali 25 aliyense, pakhomo patsala mametikali 5,000. Pochotsapo mafuta a jenereta, kubwereka purojekita ndi zokuzira mawu, thiransipoti ndi gawo la eni malo, chotsala n'chochepa. Usiku umodzi subweza ndalama za filimu. Koma maulendo 20 kapena 30 m'maboma angapo akhoza kutero, makamaka ngati wamalonda wa m'deralo, monga wogulitsa mbewu kapena mwini sitolo, walipira mafuta posinthana ndi kutchulidwa dzina filimu isanayambe. N'chifukwa chake ndalama zotsatsira ziyenera kupatulidwa pa tsiku loyamba, osati kutolera zotsala. Nawonso mafumu, akuluakulu a mipingo ndi a boma la m'deralo ayenera kudziwitsidwa msanga, popeza msonkhano wa usiku wopanda chilolezo chawo suchedwa kuimitsidwa.

Mphoto ndi YouTube zili ndi malire

Achinyamata ambiri amaika mtima pa zikondwerero za mafilimu zakunja. Mphoto imathandiza ndithu. Ku Malawi, Joyce Mhango Chavula ndi filimu yake ya Lilongwe mu 2016, komanso Shemu Joyah ndi The Road to Sunrise mu 2018, anapambana pa Africa Magic Viewers' Choice Awards, ndipo mayina awo anamveka kutali. Koma zikondwerero zambiri zimalipiritsa polembetsa, zimafuna mawu omasulira olembedwa m'Chingerezi kapena m'Chifalansa, ndipo zimasankha mafilimu ochepa mwa ambirimbiri. Zina sizilandira filimu yomwe ili kale pa intaneti, choncho wofuna njira imeneyi ayenera kusankha asanaike filimu yake poyera.

YouTube nayo si mgodi wa ndalama. Kuti munthu ayambe kulandira gawo la ndalama za otsatsa malonda pa mavidiyo aatali, amafunika anthu 1,000 olembetsa pa tsamba lake ndi maola 4,000 oonera m'miyezi 12. Ngakhale akwanitse, malipiro amakhala otsika ngati oonera ambiri ali m'mayiko momwe otsatsa salipira kwambiri. Phindu lenileni la YouTube ndi kufikira abale omwe ali kunja ndi kusunga dzina la wopanga filimu kuti yotsatira idzapeze anthu. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mametikali a pakhomo la holo ya ku Ulónguè ndi otsimikizika kuposa lonjezo la kampani yakutali.

Mbali ya boma

Dziko la Moçambique lili ndi lamulo loyendetsa za kanema lomwe linakhazikitsidwa mu 2017, komanso bungwe la INICC lomwe limayang'anira ntchito za luso ndi chikhalidwe. Zokambirana zambiri zokhudza thandizo zimathera pa ndalama zojambulira. Koma filimu yojambulidwa ndi thandizo n'kukhala m'kabati sinathandize aliyense. Purojekita imodzi, chinsalu ndi zokuzira mawu zosungidwa ku nyumba ya chikhalidwe ya boma lililonse, zobwereketsa pa mtengo wotsika, zikhoza kutumikira magulu ambiri pa chaka. Kuphweketsa zilolezo zoonetsera ndi kupereka mpata kwa mafilimu a m'zinenero za kuno pa wailesi ya kanema ndi zina zomwe sizifuna chuma chochuluka.

Pamene izi zikudikirika, udindo watsalira opanga mafilimu eni ake. Gulu lomwe likukonza zojambula chaka chino liyenera kukhala ndi mayankho a mafunso atatu lisanabwereke kamera: adzaonere ndani, adzaonera kuti, ndipo adzalipira bwanji. Oonera nawo ali ndi gawo lawo. Amene walipira pakhomo m'malo modikira kope la ulere kwa wokopera ndi amene wathandiza kuti filimu yachiwiri ijambulidwe.