Ndalama za pa foni zimathandiza, koma musadalire foni yokha

Mwana watentha thupi pakati pa usiku, chipatala chili kutali, ndipo wakabaza akufuna zake. Kale mukanadikira kuti kuche mukagulitse nkhuku. Lero m'bale wanu amene ali ku Lilongwe akhoza kukutumizirani ndalama pa foni nthawi yomweyo. Apa pali moyo, chifukwa malungo a mwana amatha kufika poopsa m'maola 24 okha.

Njirayi inatchuka ku Kenya ndi M-Pesa mu 2007. Kuno Airtel Money inayamba mu 2012 ndipo TNM Mpamba inatsatira mu 2013. Ndalamazo sizikhala m'foni mwanu: kampani imazisunga ku banki, foni imangopereka lamulo loti zipite kwa wina. N'chifukwa chake foni ikatayika ndalama sizitayika, bola wina asadziwe nambala yanu yachinsinsi.

Koma pali zinthu zitatu zimene zingakugwiritseni mwala.

Choyamba ndi netiweki ndi magetsi. Namondwe wa Freddy atawomba chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, magetsi anazima m'madera ambiri. Foni yopanda moto siilipira wakabaza.

Chachiwiri ndi ejenti. Kumudzi ejenti amatseka dzuwa likalowa, ndipo masiku ena amakhala alibe ndalama zokwanira kuti mutape. Potapa amadulanso kangachepe.

Chachitatu ndi akuba. Amaimba kapena kulemba uthenga kuti atumiza ndalama molakwika, muwabwezere. Ena amati mwana wanu wagonekedwa m'chipatala, tumizani msanga. Musafulumire. Yambani mwaona ndalama zimene zili mu akaunti yanu, ndipo imbirani wachibale amene mukumudziwa. Wogwira ntchito ku banki kapena ku kampani ya foni sangakufunseni nambala yachinsinsi.

Inu odzipereka pa zaumoyo, ngati alawansi yanu imabwera pa foni, onetsetsani kuti nambalayo inalembetsedwa ndi chiphaso chanu cha unzika, osati cha wina. Mukamayendera agogo ndi amayi oyembekezera, aphunzitseni kulemba okha nambala yachinsinsi m'malo mopatsa ejenti foni.

Kutsogoloku zinthu zikhoza kupepuka. Kudzera ku National Switch, mabanki ndi makampani a foni analumikizana, moti ndalama zimayenda kuchoka ku banki kupita ku foni, ngakhalenso pakati pa makampani awiriwa. Zipatala zolipiritsa, ogulitsa mankhwala ndi akabaza akamalandira malipiro a pa foni mochuluka, simudzafunikanso kusaka ejenti usiku. Koma izi zidalira magetsi ndi netiweki kufika kumidzi, komanso kutsika kwa ndalama zodulidwa.

Pakadali pano, sungani ndalama za mayendedwe m'magawo awiri: zina pa foni, zina m'manja pamodzi ndi buku la kuchipatala la mwana. Ndipo ndalama zikachedwa kufika, musadikire. M'zipatala za boma chithandizo n'chaulere. Nyamukani naye mwanayo.