Batire likatha, chipangizo chisamatayidwe nalo limodzi

Kachipangizo kolozera njira kamene madalaivala ena amamata pagalasi lakutsogolo la galimoto, kaya ndi ka Garmin kaya ka TomTom, kawirikawiri kamatayidwa kadakali kamoyo. Chimene chimakhala chatha ndi batire laling'ono la m'kati mwake. Zizindikiro zake sizisowa: kamangoyaka kakalumikizidwa kuchingwe, kamathima pomwe dalaivala akuliza injini, ndipo kakayakanso kamachedwa kakusakasaka masetilaiti kasanadziwe pamene galimoto ili. Sikirini imakhala ilibe vuto, mapu ali momwemo, ndipo masetilaiti a GPS, omwe amazungulira dziko ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, amakhala akutumizabe uthenga wawo kwaulere. Kachipangizoka sikadya mayunitsi ndipo sikadalira netiweki ya Airtel kapena TNM. Kakangomva masetilaiti anayi, basi kadziwa malo. Kwa dalaivala wa ambulansi kapena wa galimoto ya bungwe yochokera ku Liwonde, amene wasiya tala ku Nsanama kapena ku Ntaja n'kulowa misewu yafumbi ya kwa Chikweo, kwa Ngokwe ndi ku Nayuchi, kumene zikwangwani n'zosowa ndipo netiweki imangobwera n'kuthawa, kameneka si kachidole ayi.

Pa mitundu yambiri yakale, kusintha batire limeneli si ntchito yoswetsa mutu. Mmisiri amamasula tisikuluwu tingapo, n'kutsegula chivundikiro ndi kapulasitiki kopyapyala, n'kuzula kapulagi, n'kumatula batire lakale mosamala, n'kuika lina lolingana nalo kukula ndi mphamvu, lomwe nthawi zambiri limakhala la mavoti 3.7. Anyamata okonza mafoni amene amakhala m'timashopu ta pa Ntaja, pa Liwonde ndi pa Balaka amachita zovuta kuposa pamenepa tsiku lililonse. Chimene chimawagwiritsa njakata si luso, koma zinthu ziwiri: batire loyenera silipezeka, ndipo zipangizo zatsopano zikubwera zomatidwa ndi guluu moti potsegula umayamba waswa galasi. Apa ndi pamene pagona nkhani. Batire ndi chinthu chotha ngati tayala la njinga ya kabaza, ndipo palibe wakabaza amene angavomere kugula njinga yoti tayala likatha ayitaye yonse. Dziko lathu liyenera kuleka kulandira mwakachetechete zipangizo zimene moyo wake wonse wamangiriridwa pa batire losachotseka.

Wina anganene kuti tizipangizo tolozera njira tikutha ntchito, poti foni iliyonse yamakono ili ndi GPS ndi mapu. Zoona, komatu zimenezi zikungokulitsa nkhaniyi, chifukwa batire la mtundu womwewo, la lithium, ndi lomwe lili mufoni, munyali ya sola, m'tochi yotchaja ndi m'kawailesi. Kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'Malawi zinkawunikira ndi magetsi, pamene zoposa theka zinkadalira mabatire. M'midzi yozungulira nyanja ya Chiuta, foni ndiyo imauza wogula nsomba kuti makumba kapena milamba yatuluka pagombe liti, ndiyo imalandira ndalama za Airtel Money kapena Mpamba kuchokera kwa mwana amene ali ku Joni, ndiyonso imaitana njinga yamoto mayi woyembekezera akayamba kudwala usiku. Munthu wa mumzinda batire likafooka amangoisiya foni patchaja. Wa kwa Ngokwe amalipira nthawi iliyonse akakatchajitsa, ndiye batire lofooka limamudyera ndalama kawiri kapena katatu pamene labwino likanamudyera kamodzi, foniyo isanafe n'komwe.

Kutha kwa batire si ngozi yogwa mwadzidzidzi. Opanga amadziwa bwino lomwe kuti lidzatha. Batire wamba la lithium likatchajidwa n'kuphwa maulendo pakati pa 300 ndi 500, limakhala latsala ndi mphamvu pafupifupi 80 pa 100, ndipo kwa munthu wotchaja tsiku ndi tsiku zimenezi sizidutsa zaka ziwiri. Kutentha kumafulumizitsa ukalamba wake. Aliyense wodziwa dzuwa la Okutobala ndi Novembala m'chigwa cha Shire, ku Liwonde ndi ku Balaka, akhoza kuganizira chimene chimachitikira kachipangizo komatidwa pagalasi la galimoto yoimikidwa panja, mawindo ali chitsekere. Batire limatupa, limakankha sikirini, ndipo nthawi zina chivundikiro chimayasama. Nyali ya sola yosiyidwa padenga lamalata pamodzi ndi panelo yake imaona zomwezo. Choncho chipangizo chimene chingakhale zaka zinayi ku Ulaya chikhoza kufooka msanga kwathu kuno, ndipo ife amene tili ndi ndalama zochepa ndife timafunikira kwambiri mwayi wosintha batire.

Mwayi umenewu tidali nawo. Batire la BL-5C, limene lidatchuka ndi Nokia 1100, lidalowa m'mafoni ndi m'timawailesi tambirimbiri, ndipo mpaka lero limapezeka m'misika ya m'maboma. Agogo amene sadapiteko kusukulu amalichotsa ndi chikhadabo n'kuika lina. Mafoni ambiri a mabatani a itel ndi Tecno akadali otero, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene amakhalitsira m'midzi. Kumata batire kudabwera ndi mpikisano wopanga mafoni opyapyala, ndipo kudabweretsanso phindu lina limene makampani satchula pa malonda awo: munthu akaona foni ikuthimathima amaganiza kuti yatha, n'kukagula ina. Mu Disembala 2017 kampani ya Apple idavomera kuti inkachepetsa liwiro la mafoni akale amene mabatire awo adafooka. Anthu atakwiya, idatsitsa mtengo wosinthira batire kuchoka pa madola 79 kufika pa 29, ndipo mu 2020 boma la France lidailipiritsa chindapusa cha mayuro 25 miliyoni chifukwa chosawauza ogula. Ena mwa amene adagula mafoni atsopano ankangofunikira batire.

Chodandaula choyamba chimene chili ndi nzeru pa nkhani ya mabatire ochotseka n'cha madzi. Foni yomatidwa bwino silowa madzi msanga, ndipo msodzi wa pa Chiuta, amene amakhala m'bwato lonyowa pakati pa mabango, ali ndi chifukwa chokondera zimenezi kuposa wina aliyense. Koma funso n'lakuti, kodi mafoni omata amene amafika pa Nselema kapena pa Nayuchi ndi otetezedwadi ku madzi? Ambiri otsika mtengo ndi omata koma alibe chitetezo chotere. Ataya kuchotseka kwa batire popanda kupindula kanthu. Komanso si zoona kuti ziwirizi sizingayendere limodzi. Samsung Galaxy S5 ya 2014 inali ndi batire lochotseka ndi dzanja, koma inali ndi kalabala kotchinga madzi m'mbali mwa chivundikiro. Tizipangizo ta GPS tam'manja timene amagwiritsa ntchito oyeza malo ndi asilikali a zanyama timayendera mabatire wamba a AA, ndipo timapirira mvula. Luso lilipo, chimene chimasowa ndi wowakakamiza opanga.

Chodandaula chachiwiri n'cholemera kwambiri, ndipo sichiyenera kunyozedwa: batire la lithium likabooledwa kapena kupindidwa limayaka moto wovuta kuzimitsa, ndipo msika wathu wadzaza mabatire achinyengo olembedwa mphamvu zimene alibe. Ngakhale Samsung yeniyeniyo idaitanitsa mafoni onse a Galaxy Note 7 mu 2016 chifukwa mabatire ake ankayaka. Ena amati ndiye kuli bwino anthu wamba asamatsegule zipangizo. Koma taonani mmene ngoziyo imabwerera. Mmisiri amabowola batire pamene akulimbana ndi guluu, akulikanganula ndi mpeni kapena sikuludalaiva. Batire lokhala pa kapulagi ndi tisikuluwu silifuna nkhondo imeneyi. Ndipo mabatire achinyengo amachuluka pamene enieni sakupezeka. Kuletsa kukonza sikuthetsa kukonza, poti wa ku Chiuta sangatumize foni yake ku Blantyre kapena ku Lilongwe kwa oimira kampani. Kumangochititsa kuti ntchitoyo ichitike mwachimbulimbuli. Yankho lake ndi lakuti a Malawi Bureau of Standards aziyeza mabatire olowa m'dziko monga amayezera katundu wina, a Competition and Fair Trading Commission azilanga ogulitsa batire lolembedwa zabodza, ndipo a TEVETA awonjezere maphunziro afupiafupi a amisiri a mafoni ndi a sola m'maboma, kuti wokonza adziwe kuti batire lotupa salipsinja, salitenthetsa ndipo saliponya pamulu wa zinyalala zoti ziwotchedwe.

Palinso amene amati zipangizo zatsika mtengo, bola kungogula china. Mawu amenewa ndi a munthu wolandira malipiro pamwezi. Kwacha idagwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo foni iliyonse, nyali iliyonse ya sola, imagulidwa kunja ndi ndalama zakunja zomwezo zimene zikusowa pogula mafuta, feteleza ndi mankhwala. Kuitanitsa batire la magalamu ochepa m'malo mwa chipangizo chonse n'kupulumutsa madola, ndipo ndalama ya ntchitoyo imatsala m'thumba la mmisiri wa pa Ntaja. A Malawi Revenue Authority ndi Unduna wa Zachuma akadachita bwino kupeputsa msonkho pa mabatire ovomerezeka ndi zida zokonzera, n'kuulemetsa pa zipangizo zimene sizitseguka. Msonkho ndi chilankhulo chimene oitanitsa katundu amamva msanga kuposa uphungu.

Chodandaula chimene chimamveka champhamvu kwambiri n'chakuti Malawi ndi msika waung'ono, sangauze mafakitale a ku Shenzhen zochita. N'zoona kuti patokha sitingathe. Koma nkhondoyi ena atimenyera kale. Mu 2023 bungwe la European Union lidakhazikitsa lamulo lakuti kuyambira pa 18 Febuluwale 2027, mabatire a m'zipangizo zonyamula m'manja azikhala oti mwini wake angathe kuchotsa ndi kusintha yekha, kupatula mitundu ingapo imene lamulolo lasiya padera. Lamulo lina, limene lidayamba kugwira ntchito pa 20 Juni 2025, limafuna kuti batire la foni lipirire maulendo 800 otchaja likadali ndi mphamvu 80 pa 100, ndiponso kuti zida zosinthira zizipezeka kwa zaka 7 mtunduwo utasiya kugulitsidwa. Tidaonanso mmene lamulo la Ulaya la tchaja imodzi lidachititsira kuti iPhone 15 ya 2023 ituluke ndi USB-C padziko lonse. Ndiye sitikupempha mafakitale kuti atipangire zathuzathu. Tikungofunika kunena kuti zimene akupangira kale ena ndizo zilowe kuno. Tikakhala chete, chodetsa nkhawa n'chakuti katundu amene Ulaya wamukana adzafunafuna kolowera, ndipo khomo losatseka lidzakhala lathu.

Oyendetsa galimoto zakale zochokera ku Japan akudziwa kale kuwawa kwa chipangizo chimene sichimvera mwini wake. Sienta, Passo kapena Vitz zambiri zimabwera ndi wailesi yokhala ndi mapu a ku Japan, zolemba zonse m'Chijapani, zopanda ntchito pamsewu wa ku Machinga. Zina mwa wailesi zimenezi, makanika akangochotsa batire lalikulu la galimoto, zimadzitseka n'kumafuna nambala yachinsinsi kapena kakhadi ka mapu kamene kadatsala kutsidya kwa nyanja, ndipo wailesi ndi kamera yobwerera m'mbuyo zimafera pomwepo. Mafoni ena amakono ayambanso khalidwe lofananalo: akaikidwa batire losachokera ku kampani amatulutsa chenjezo ndi kubisa zina zimene ankaonetsa. N'chifukwa chake muyezo umene tingakhazikitse usangonena za guluu ndi tisikuluwu, koma uletsenso mapulogalamu okana batire labwino chifukwa choti waika ndi mmisiri wapamsika.

Kusintha mabatire kuli ndi ngongole yake, ndipo oikira kumbuyo kukonza sayenera kuithawa: batire lakale lipita kuti? Lipoti la 2024 la mabungwe a ITU ndi UNITAR lidati dziko lonse lidatulutsa matani 62 miliyoni a zinyalala zamagetsi mu 2022, ndipo 22.3 pa 100 zokha ndizo zidasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso moyenera. Batire lalikulu la galimoto limapeza wogula chifukwa cha mtovu wake, koma la lithium laling'ono limathera m'chimbudzi, kudzala kapena m'madzi. Chiuta ndi nyanja yosazama, ndipo madzi ake amapita ku Amaramba n'kukalowa mumtsinje wa Lugenda ku Mozambique, kotero chotayidwa pagombe lathu sichikhala chathu chokha. Lamulo la zachilengedwe la 2017 lidakhazikitsa Malawi Environment Protection Authority, ndipo bungweli likhoza kulamula kuti woitanitsa mabatire azilandiranso akale, komanso kuti wobweza lakale azichotseredwa kangachepe pogula latsopano. Malo osonkhanitsira sakusowa. Asodzi a pa Chiuta ndi omwe adadzuka okha m'zaka za m'ma 1990 n'kuthamangitsa makoka a nkacha amene ankasesa nsomba, ndipo makomiti awo a m'magombe adachokera m'ntchito imeneyo. Ndowa yachitsulo yokhala ndi mchenga, yoikidwa pamthunzi kwa komiti ya gombe kapena pashopu yotchajitsa mafoni, ingasunge mabatire otha mpaka galimoto ya woitanitsa katundu, imene imabwerera ku Liwonde yopanda kanthu, itawatenga.