Klorini afike ku Chipera mvula isanagwe

Kolera wa 2023 atafalikira m'chigawo cha Tete, mtima wanga unali pa anamwino ndi ma APE (ogwira ntchito zaumoyo m'midzi) a ku Chipera, m'boma la Marávia, amene amagwira wodwala asanadziwe chomwe chamugwetsa. Anthu otere asamasowe magolovesi, majombo ndi epuloni ya pulasitiki. Koma chondidetsa nkhawa kwambiri ndi klorini, chifukwa sasungunulidwa mongoyerekeza. Wosambira m'manja ndi 0.05 peresenti, wotsukira mabedi ndi pansi 0.2, wothira pa masanzi, chimbudzi ndi mtembo 2. Awiri oyambawo amasukuluka msanga, makamaka padzuwa, choncho akonzedwe tsiku lililonse. Certeza, klorini wa m'kabotolo, timusiyire madzi akumwa. Akuluakulu a zaumoyo ku Fingoè, likulu la bomali, atumize zonsezi, pamodzi ndi zidebe zolembedwa muyeso wake, mitsinje isanadule misewu ya ku Marávia.