Kangaude Watsopano ndi Ntchito ya Kutcha Dzina

M'chaka cha 2021 akatswiri a zamoyo analemba m'kaundula wao mtundu watsopano wa kangaude wodumpha, wotchedwa Maratus nemo. Kangaudeyu amakhala m'madambo a kufupi ndi Mount Gambier, kumwera kwa dziko la Australia. Msinkhu wake ndi mamilimita 4 okha. Wamwamuna ali ndi nkhope yonga lalanje lakupsa, ya mizera yoyera, ndipo n'chifukwa chake anamutcha dzina la kansomba ka m'kanema wa Finding Nemo.

Abale ake ndi odziwika kwa aliyense: ndi akangaude aja amanyang'amira ntchentche pa khoma. Iwo satchera ukonde ai, koma amapenya ndi maso awiri aakulu apatsogolo, nadumphira nyama yao atamangirira ulusi kumbuyo kuti angagwe. Banja lao, Salticidae, lili ndi mitundu yoposa 6,000.

Amene anayamba kumuona ndi mayi wina wosamala madambo, yemwe anaika zithunzi zake pa Facebook. Komatu chithunzi chokha si umboni wokwanira. Bambo Joseph Schubert a ku Museums Victoria anayenera kulandira akangaude enieniwo, kupima ziwalo zao ndi makina okulitsa zinthu, ndi kuziyerekeza ndi za mitundu yodziwika kale. Atatsimikiza kusiyana kwake, anasunga mmodzi kuti akhale muyeso wa mtundu wonse, nasindikiza malongosoledwe ake kuti akatswiri ena awayese.

Ena angafunse kuti khama lonseli n'la chiyani pa kachilombo kotere. Yankho lake ndi lakuti boma silingaike pa mndandanda wa zotetezedwa cholengedwa chimene sichidziwika. Madambo ambiri a dera limenelo anaumitsidwa kale kuti pakhale minda ndi mabusa, ndipo mtundu wokhala pa malo ochepa ungathe kutha anthu asanaudziwe.

Ntchito yotsala ndi yaikulu. Mu April 2022 kaundula wa akangaude a dziko lonse, wosungidwa ku Bern, anafika pa mitundu 50,000, patapita zaka 265 chiyambire mu 1757. Wokwanitsa chiwerengerocho analinso wodumpha, Guriurius minuano wa ku South America. Akatswiri akuganiza kuti mitundu ina yochuluka chomwecho ikudikira maina. Aphunzitsi ndi achinyamata azindikire tsono kuti maso a munthu wamba ndiwo kawirikawiri amayamba ntchitoyi, ndipo katswiri amaitsiriza.

Gawo lotsatira lidzalongosola kapenyedwe ka maso a kangaude wodumpha.