Wotchi yopanda chitseko

Pali mtundu wina wa wotchi yapakhoma umene wadzaza m'masitolo masiku ano, ndipo ndikhulupirira kuti ambiri a inu munailandirapo ngati mphatso ya ukwati. M'mbali mwake muli tizipilala tiwiri topakidwa utoto wagolide, pamwamba pali kadenga kosongoka, ndipo kunsi, kuseri kwa galasi, kuli kachitsulo kolendewera kamene kamapita uku ndi uku. Loweruka lapitali ndinakhala pabalaza pa mnzanga wina moyang'anizana ndi wotchi yotereyi, ndipo ndinaona chinthu chimene chinandisowetsa mtendere. Cholendewera chija chinali chitangoti zii, osagwedezeka, koma mivi ikuyenda bwinobwino, nthawi ili yolondola. Nditafunsa, mwini nyumba anayankha mosadandaula n'komwe: "Achimwene, chimenecho n'chongokongoletsa. Chili ndi batire lakelake, ndiye linatha."

Wina anena kuti ndikukuza nkhani yopanda pake. Ayi ndithu. Pa wotchi yeniyeni ya mtundu umenewu, cholendewera chikaima ndiye kuti zonse zaima, chifukwa ndicho chimayeza nthawi. Amene anayamba kuchiika pa wotchi ndi Christiaan Huygens wa ku Netherlands, m'chaka cha 1656. Iye asanatero, wotchi yabwino inkatha kuphonya ndi mphindi pafupifupi 15 pa tsiku, koma cholendewera chitabwera, kuphonyako kunayamba kuwerengedwa m'masekondi. Pofika 1658, Ahasuerus Fromanteel anali atayamba kale kutsatsa mawotchi otere ku London. Cha m'ma 1670 amisiri anapeza njira yoti cholendeweracho chiziyenda kamtunda kochepa chabe mbali iyi ndi iyo, ndipo izi zinapangitsa kuti athe kuchitalikitsa. Chikatalika pafupifupi mita imodzi, ulendo wake wochoka kumanzere kufika kumanja umatenga sekondi imodzi. Chinthu chaulemu wotere ife tachisandutsa choseweretsa, chogwedezedwa ndi kamaginito, chopanda chochita ndi nthawi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo mwambi umenewu sunandichokere m'mutu tsiku lonse.

Tizipilala ndi kadenga tija nato tili ndi kwawo. Wotchi zakalezo zinkayenda ndi zitsulo ziwiri zolemera, zomangidwa ku zingwe, zimene zinkatsika pang'onopang'ono kwa masiku 8 n'kumakoka magiya. Chitsulo china chinkayendetsa mivi, china chinkaimbitsa belu. Zitsulo zotere zimafuna malo otsikira, cholendewera chachitali chimafuna malo ogwedezekera, ndipo zonsezi zimafuna kutetezedwa ku fumbi, ku mphepo, ku mphaka ndi ku manja a ana. Apa ndi pamene mmisiri wa matabwa analowererapo. Anamangira makinawo nyumba yaitali kuposa munthu, yokhala ndi maziko pansi, thunthu lokhala ndi chitseko pakati, ndi mutu pamwamba pomwe pamakhala nkhope ya wotchi.

Ndipo poti inali nyumba, anaimanga motsata malamulo a omanga nyumba. Mawotchi oyambirira a ku England, a m'zaka za m'ma 1660, ankapangidwa ndi matabwa a oak okutidwa ndi timatabwa topyapyala ta mtengo wakuda bii wa ebony, wofanana maonekedwe ndi phingo wathu uja. Pamwamba ankaikapo denga la ngodya zitatu ngati la akachisi akale a ku Greece ndi ku Rome, ndipo m'mbali mwa nkhope munkaima zipilala zokhala ndi mitu yamkuwa yosemedwa masamba. Kutalika kwa chipilala kunkayezedwa molingana ndi kunenepa kwake, monga momwe womanga tchalitchi ankayezera chipilala chamwala. Moto waukulu wa 1666 utapsereza London, Christopher Wren anali kalikiliki kumanganso matchalitchi, kuphatikizapo St Paul's. Thomas Tompion, katswiri wa mawotchi wa nthawi imeneyo, anapanga mawotchi awiri a ku malo owonera nyenyezi ku Greenwich mu 1676, ndipo atamwalira mu 1713 anaikidwa m'manda ku Westminster Abbey, komwe kumagona mafumu. Tangoganizani dziko limene limaika mmisiri wa mawotchi pamodzi ndi mafumu ake.

Amisiri a mipando ndi makabati anatsata njira yomweyo. Thomas Chippendale atatulutsa buku lake la zojambula za katundu wa m'nyumba mu 1754, masamba oyambirira anawapereka ku mitundu isanu ya zipilala za omanga nyumba akale. Anaona kuti kalipentala asanayambe kusema miyendo ya mpando, ayambe wadziwa chifukwa chake nyumba yomangidwa bwino imakoma m'maso. N'chifukwa chake kabati ya mabuku ya nthawi imeneyo ukaiyang'ana umaona khomo la nyumba yaikulu: maziko olimba kunsi, mazenera agalasi pakati, denga pamwamba.

Ku Germany nkhani yake ndi yokoma kwambiri. Mu 1850, Robert Gerwig, mkulu wa sukulu ya amisiri a mawotchi ku Furtwangen, m'dera la Black Forest, anapempha akatswiri ojambula kuti apereke maonekedwe atsopano a mawotchi a kumeneko. Friedrich Eisenlohr, yemwe ankajambula nyumba za njanji ya ku Baden, anangotenga kanyumba ka mlonda wa njanji, kadenga kake kotsetsereka ndi masamba okwera m'khoma, n'kuikapo nkhope ya wotchi. Kanyumba kameneko ndiko kanabala maonekedwe odziwika a wotchi ija ya mbalame imene imatsegula kazenera n'kulira ola likakwana. Kulirako kumachokera ku timivukuto tiwiri topopera mpweya m'timapaipi tamatabwa, ndipo zitsulo zake zolemera amaziumba ngati zipatso za paini. Chilichonse chimene ukuchiona pa wotchi imeneyo chili ndi ntchito kapena chili ndi kumene chinachokera.

Ndikudziwa kuti pali amene akuti zonsezi zinali za anthu achuma. Si zonse. Ku Connecticut, ku America, Eli Terry ankapanga mawotchi ambirimbiri a magiya amatabwa, okhala ndi tizipilala towonda m'mbali, oti mlimi wamba akanatha kugula. Chauncey Jerome anabwera ndi makina amkuwa otsika mtengo mpaka kumawatumiza ku England. M'zaka za m'ma 1840, Elias Ingraham anajambula wotchi yooneka ngati katchalitchi, yokhala ndi tinsanja tiwiri tosongoka. Mawotchi amenewa anali otchipa, koma ambiri akuyendabe mpaka lero, patapita zaka zoposa 150.

Chinsinsi chake chili pa chitseko. Mawotchi onse ndatchulawa, a mfumu ndi a mlimi omwe, anali ndi potsegula. Pa ambiri mwa iwo, mwini wake ankatsegula, n'kulowetsa kiyi, n'kupukusa mpaka zitsulo zitakwera kapena sipuling'i itamangika. Wotchi ikamafulumira, ankatsitsa pang'ono kachitsulo ka kunsi kwa cholendewera, ikamachedwa, ankakakweza. Pakapita zaka, wokonza mawotchi ankabwera, n'kumasula magiya limodzilimodzi, kuwatsuka, kuthira mafuta, kusintha chimene chaperepeseka. Okonza ambiri ankasiya dzina ndi chaka m'kati mwa bokosi kapena kuseri kwa nkhope, moti amene amasonkhanitsa mawotchi akale amatha kuwerenga manja onse amene wotchiyo inadutsamo. Mmisiri poika chitseko ankavomereza kuti chinthu chake chidzadwala tsiku lina, ndipo ankakonzeratu njira yoti mdzukulu wa wogula adzachichize.

Tsopano tembenuzani wotchi ya mphatso ija. Kuseri kwake mupeza kabokosi kakuda kapulasitiki, kotsekedwa mosayembekezera kuti wina adzakatsegula. Tizipilala tija n'tamphako, tomata ndi guluu, ndipo golide wake amasupuka ndi chikhadabo. Ine sindilimbana ndi batire. Wotchi ya quartz imasunga nthawi bwino kuposa wotchi zambiri zakale, chifukwa kamwala kake kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi, ndipo chiyambire 1969, pamene kampani ya Seiko inayamba kugulitsa wotchi yapamkono yotere, nthawi yolondola yafika m'manja mwa aliyense. Zimenezo n'zabwino. Chimene chimandiwawa n'chakuti wopanga wabwereka ulemu wa zinthu zokhalitsa n'kuuveka chinthu chimene iye mwini akudziwa kuti chidzatayidwa kudzala. Mkuyu uja ndi umenewu.

Mundilole ndifike pa dandaulo langa lakale. Matenda omwewa alowa m'mipando, m'matebulo ndi m'makabati athu. Dziko lino linali ndi amisiri a matabwa ophunzitsidwa bwino. Sukulu za mishoni ku Blantyre ndi ku Livingstonia zinkaphunzitsa ukalipentala ndi umisiri womanga pamodzi ndi kuwerenga. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 ndi manja a anthu akuda, motsogozedwa ndi David Clement Scott, yemwe sanapite ku sukulu ya zomangamanga, ndipo njerwa zake za maonekedwe osiyanasiyana zinaumbidwa pomwepo m'zikombole zamatabwa. Chilipobe, ndipo anthu amapempheramo Lamulungu lililonse. Luso lotere silinathere pa matchalitchi. Linafika m'makomo mwa aphunzitsi, akalaliki ndi alimi a fodya, mwa mawonekedwe a makabati a mbale, mabokosi a zovala ndi mabedi a mlombwa ndi mbawa.

Kwathu kunali kabati yotere, ya mlombwa, ya agogo anga aakazi. Pamwamba pake panali mkombero wosemedwa wotuluka kunja pang'ono ngati mlomo wa denga, m'mbali munali mizati iwiri yozungulira yokhala ndi timizere, ndipo zitseko zinali ndi magalasi aang'onoang'ono m'mafelemu awo. Ukasolola dirowa, pangodya pake unkaona mano a thabwa lina atalumana ndi mano a linzake, popanda msomali ngakhale umodzi. Pansi pa dirowayo panali thabwa la mkungudza wa ku Mulanje, moti nsalu zapatebulo zinkatuluka zikununkhira, njenjete osaziyandikira. Agogo atatisiya, achibale anati kabatiyo ndi yachikale, ikudetsa pabalaza. Anayamba ndi kuipaka penti wabuluu, kenaka anaitulutsira kukhitchini yapanja, kumene inathera ndi utsi ndi mvula. M'malo mwake munalowa kabati yonyezimira ya matabwa a utuchi wopanikiza. Dzinja lachiwiri, chinyontho chitalowa pansi, miyendo inatupa, zitseko zinapendekeka, ndipo kalipentala atabwera anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Bambo, apa palibe pogwira msomali." Mpaka lero mtima umandipweteka ndikaikumbukira.

Ndipo nkhaniyi si ya banja limodzi. Ndi matchalitchi angati amene achotsa mabenchi olimba n'kugula mipando yapulasitiki imene imathyoka mwendo chaka chisanathe? Ndi maofesi angati amene aunjika madesiki a mbawa kuseri kwa nyumba kuti chiswe chidye? Chopweteka n'chakuti matabwa amenewo sitidzawapezanso mosavuta. Mlombwa ndi mbawa zimatenga zaka makumi ambiri kuti zikule, ndipo mkungudza wa ku Mulanje, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa dziko lino mu 1984, watsala pang'ono kutheratu paphiripo chifukwa cha odula mozemba ndi moto. Kabati yakale iliyonse imene tikutaya ndi mtengo umene tinadula kale, ndipo tikuutayanso kachiwiri. Kumaiko akunja anthu amalipira ndalama zochuluka pa misika yogulitsa zinthu zakale kuti apeze mpando umene sunapakidwe penti, umene vanishi wake wadetsedwa ndi manja a mibadwo. Ife tikaona kuda komweko timathamangira bulashi.

Amisiri athu a m'mbali mwa msewu sindikuwaimba mlandu. Ambiri ali ndi manja abwino, koma wogula amafuna chotchipa ndiponso cha mawa lomwe, ndiye amakhoma misomali pa thabwa losauma n'kuphimba ndi vanishi wochuluka. Tikanakhala kuti timafunsa za malumikizidwe a matabwa tisanafunse za mtengo, iwonso akanabwerera ku tchizulo. Sukulu zathu zaumisiri nazo zikanachita bwino kuphunzitsa achinyamata kukonza zinthu zakale: kuchotsa penti popanda kuvulaza thabwa, kubwezeretsa mwendo wothyoka ndi mtengo wa mtundu womwewo, kutsuka makina a wotchi. Ntchito imeneyo ilipo yambiri, ikungosowa oigwira ndi oilipira.

Choncho ngati kumudzi kwanu kuli bokosi la agogo, tebulo lolemera limene anthu amadandaula polinyamula, kapena wotchi ya kiyi imene inaima kalekale, musalole kuti zipite kudzala kapena ku nkhuni. Itanani kalipentala wachikulire azione kaye. Ndipo mukapita kukagula chatsopano, kaya ndi wotchi, kaya ndi kabati, chitembenuzeni muone kuseri, kenaka mufunse wogulitsa kuti chikadzawonongeka chimatsegulidwa pati ndipo amakonza ndani. Akasowa yankho, bwezani ndalama yanu m'thumba.